Sitolo ya Mbewu ku Ulongwe

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunazizirebe.

Achimwene abwera masana kudzagamula za nyumba ya golosale imene amayi anatisiyira ku Ulongwe. Kampani ina ya mbewu ikufuna munthu woyendetsa sitolo m'dzina lake, kutsatira utoto wake, mitengo yake ndi malamulo ake. Ana awiri amene akumaliza ku yunivesite akuifuna nyumbayo: Tadala wanga ndi Yusufu, mwana wa mng'ono wanga.

Achimwene asankha Yusufu. Akuti, "Bizinesi ndi pakamwa, achemwali. Wanuyu ngakhale moni timachita kumupempha."

Ndawafotokozera modekha, monga ndichitira ndi ana anga a Fomu 1. Yusufu ndimamukonda, koma dzanja lake ndi lopatsa. Tchuthi chathachi akugulitsa mtedza, mayi aliyense womuseketsa ankachoka ndi basela. Mbewu ya kampani ilibe basela, ndipo mtengo wake sanenerera. Mnyamatayu malamulo a eni angamutopetse mvula isanagwe. Iye ngwoyenera kuyamba bizinesi yakeyake. Tadala malamulo samuwawa, amamupatsa mtendere.

"Mwinimbumba ndine," atero achimwene.

"Iyayi, sindikukana," ndawayankha. "Koma mbumbayo ndi ife."

Tadala anali pakhonde, akumva zonse. Atsibweni ake atachoka, wandifunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, kodi kufatsa n'kulephera?"

Ndamuuza kuti ayi. Makiyi ali ndi ine, ndipo Loweruka tikwera minibasi awirife kukasesa m'nyumbamo. Achimwene akafuna kutiletsa, akatipeza tili ndi tsache m'manja.