Zibangili Zanu Sizinabedwe

Amake Ketaki,

Musakuwe ndipo musaitane apolisi. Zibangili zanu zagolide sizinabedwe, wakuba wake ndine ndemwe. Ndakazisiya chikole kwa a Gokhale, osula golide a pamsika aja.

Mverani kaye. Inu muli kukachisi, andiimbira anthu oika magetsi a dzuwa padenga aja. Akuti, "Achimwene, boma limabweza gawo lake ntchito ikatha, koma ife sitikwera denga ndi lonjezo. Lipirani lero, apo ayi tikaika kwa a Pawar." Kwa a Pawar oyandikana nafewa, amake mwana! Ndiye akazi awo azitiyang'ana bwanji pampanda? Pajatu ndinu nomwe munati mwatopa kuzimitsa fani mwezi wotentha wa Meyi poopa bilu.

Panopa ndathamangira ku ofesi ya magetsi ku Nashik. Mapepala a nyumba ino akadali m'dzina la malemu bambo, ndipo boma silitumiza ndalama kwa akufa.

Amisiri afika cha m'ma 11. Muchotse tsabola ndi mango munayanika padenga, muwapatse tiyi wa shuga wambiri, koma asaboole pamwamba pa chipinda cha amayi.

Zibangili zibwerera ukwati wa mng'ono wanu usanafike, ndalumbira. Boma likachedwa, ndigulitsa njinga yanga yamoto. Pepani ndithu. Ndikanakufunsani, koma ndimadziwa yankho lake.

Musavutike kufunafuna kamtengo kokandira chapati kaja. Ndakatenga poteteza mutu wanga, kuti ndikabwera tikambirane ngati anthu.

Wanu wolakwa,
Dinkar