Kapu Yanga, Masheya Awo

Lamulungu, 2 Malichi

Miyezi 7 lero osameza piritsi. Msana ukadali kuwawa, uja ndinaupweteka ponyamula nkhalamba kuntchito, koma ndikupirira. Mapiritsi opha ululu aja anatsala pang'ono kupha ine amene. Kuno kunja palibe Mmalawi akudziwa, ngakhale Ursula mnzanga wapamtima.

Titaweruka kutchalitchi, msonkhano wa gulu lathu losunga ndalama. A Watson, wapampando, tayi pakhosi ngati akukafunsira mbeta. Akuti boma lapereka ndalama zankhaninkhani ku kampani ina yothandiza anthu okodwa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndiye ife tigule masheya. "Boma likathira, ife tizingotola. Odwala otere sasowa." Anthu kuseka. Nanenso ndinaseka, Mulungu andikhululukire.

Lachiwiri, 4 Malichi

Sitima ya 7 koloko kupita ku Dún Laoghaire, kukamwa methadoni, mankhwala ondithandiza kusiya mapiritsi. Kutali dala, kuthawa maso. Nesi wandiuza kuti kakiliniki kathu kakutsekedwa. Thandizo la boma chaka chino lapita ku kampani yaikulu. Inde, ya a Watson ija. Tonse atisamutsira kunthambi yake yatsopano, pa Parnell Street.

Parnell Street! Khomo loyang'anana ndi shopu yomwe amayi onse a kutchalitchi amagulako ufa ndi usipa. Ndinakhala padoko ola lathunthu, mphepo ikundimenya.

Lamulungu, 9 Malichi

Manja m'mwamba, masheya avomerezedwa. Langanso linakwera. Ndikanati chiyani? Mayuro anga 200, a ovataimu, apita kukagula manyazi anga omwe.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndapempha kuti ndizikamwera ku famase ina yakutali. Akuti pafunika dokotala wondilandira, ndipo malo kulibe mpaka Juni. Ndalira pamaso pa nesi wachizungu, mamina ndi misozi. Wandipatsa tishu basi.

Lachitatu, 19 Malichi

Dzulo ndinafika mpaka pakhomo la nthambi yatsopano ija. Mayi Chrissie a kwaya ali tsidya linalo, jumbo m'manja, kundibayibitsa. Ndinapitirira ngati ndikuthamangira basi. Lero chimodzimodzi.

Masiku awiri osamwa. Thukuta, kusanza, mafupa ngati akuwasinja. Kuntchito ndanama kuti ndi chimfine. Nambala ya munthu ankandigulitsa mapiritsi uja ndinaifufuta m'foni, koma m'mutu ilimo yonse. Ndaiyimba kufika manambala asanu, n'kuponya foni pabedi.

Nesi wayimba. Ndikajomba mawa, ndiyambiranso pachiyambi, kudikira ngati mlendo. Kudikirako sindingakwanitse, ndikudzidziwa. Ndikuopa kufa, ndikuopanso pakamwa pa anthu. Sindikudziwa chomwe ndikuopa kwambiri.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndinavala yunifolomu ya kuntchito, mutu pansi, n'kulowa. M'katimo mabaluni, makeke. Kani lero ndiye tsiku la mwambo wotsegulira nthambi, ndipo eni masheya aitanidwa kudzaona. Gulu lathu lonse, a Watson patsogolo, akuloza mipando ngati anaigula okha.

A Watson anandiona. "Achemwali Esnat! Mwapeza ntchito kuno osatiuza?"

Bodza analiphika okha, ine kwanga kunali kungoti eya, n'kutuluka. Pomwepo nesi anatsegula kawindo, kakapu ka mankhwala anga m'manja, n'kuyang'ana kwa ine.

"Ayi achimwene," ndinatero. "Ndabwera kudzamwa mankhwala."

Ndinamwa onse akundiona, ena kutayikira payunifolomu. Potuluka palibe anandigwira chanza. Mayi Chrissie anayang'ana kudenga.

Madzulo ano pagulu lathu la pafoni, pomwe pamakhala phokoso ngati pamsika, palibe walemba kanthu. Ndiye kuti akulankhulira kwina. Uthenga umodzi wokha, wa Ursula. Ndaupenya ola lonse osautsegula. Mwana wanga amaweruka kusukulu n'kufikira kwa iye. Akandikana ameneyu, ndatha.

Ndautsegula tsopano.

"Esnat, kumeneko amalembetsa bwanji? Ndi Jared, mwana wanga woyamba uja. Chaka chachiwiri tsopano atakodwa ndi mankhwala. Chonde usauze munthu."

Ndikuvala jekete, ulendo wa kwa Ursula.