Zimene Eve Akuwerenga

Lolemba, 2 Juni 2025

Kusikelo m'mawa. Pempho makilo anayi ndi pang'ono. Anesi akuti akukula bwino. Ndawafunsa kawiri. Mawa akwanitsa masabata asanu ndi imodzi.

Mwana ali bwino. Amake ndiye sindikudziwa. Chibwererereni apongozi ku Phalombe, mkazi wanga Eve salankhula. Ukafunsa, eya, ayi, basi. Munthu amene kale ankandidzutsa ndi nkhani. Ndafunsa ngati pali pakumuwawa. Palibe. Ndagula chiwindi, amati chimabwezera magazi. Wadya nthuli ziwiri.

Pakabaza maulendo asanu ndi awiri. Tcheni chayamba kulira. Mafuta a m'zigubu, odula.

Lachitatu, 4 Juni

Eve waseka.

A Madamu Lydia, aphunzitsi amene amaimba naye kwaya, anamutumizira buku. Ndimawatenga Lachisanu lililonse kupita kwawo ku Nathenje, ndiye ndinabwera nalo ndine. Linangokhala pawindo. Lero ndamupeza akuliwerenga, mwana ali pabere.

Lachizungu, lonenepa. Ine sitandade 6, chizungu changa ndi cha pamsewu. Koma pachikuto pali njinga yamoto, yaikulu, yopanda kaliyala. Ndafunsa kuti katundu amamanga pati.

Akuti ndi nkhani ya gulu la azibambo a njinga, kunja uko. Majekete achikopa, chizindikiro chimodzi kumsana. Mtsogoleri wawo dzina lovuta, Eve akumutchula Chipsera chifukwa cha patsaya. Pali mtsikana wochokera kutali, amagwira mulesitilanti. Ameneyo Mlendo. Akufunana koma aliyense akudzikoka.

Ndafunsa kuti amatchaja zingati munthu mmodzi. Akuti sanyamula anthu, amangoyenda. Njinga makumi awiri, matanki odzaza, kungoyenda! Ndati amenewo sanaimepo pamzere wa mafuta. Apo ndi pomwe waseka, mpaka Pempho wasiya bere nkumuyang'ana.

Ndilibe nalo ntchito bukulo. Koma ndizifunsa tsiku lililonse.

Loweruka, 7 Juni

Msika. Matumba a mtedza, mbuzi imodzi, amayi awiri nthawi imodzi. Msana.

Ndinafotokoza za Chipsera pasiteji. Mnzanga Lovemore wamukonda. Akuti mwamuna ndi ameneyo, anamenya anthu atatu chifukwa chomuyankhula Mlendo zachipongwe. Ine ndati munthu wokweza mkazi popanda helimeti, nkumathamanga choncho, chikondi chake chili pati? Akagwa chipatala alipira ndani? Lovemore akuti ndichifukwa chake za ine sadzalemba buku.

Madzulo ndamufunsa Eve chimene akazi amamukondera Chipsera. Akuti salankhula zambiri koma amaona. Mlendo akatopa iye amadziwa asanauzidwe.

Ndadziyang'ana pagalasi la njinga. Chipsera changa ndi chimodzi, cha ekizozi, pakatumba. Nsanje ndi munthu wa papepala. Zamanyazi.

Lachiwiri, 10 Juni

Nkhani yathamanga. Akwatirana, ali ndi mwana kale.

Chipsera amachoka kusanache, kubwera dzuwa litalowa. Mlendo yekha m'nyumba. Amake ali kutali. Oyandikana nawo ndi anthu abwino koma sawadziwa. Mwana akalira osatonthola, amamugoneka pansi, nkupita kukaima kuseri kwa nyumba atatseka makutu. Kenako amabwerera akuthamanga, kuganiza kuti wafa.

Eve amafotokoza pang'onopang'ono, chala chili pakati pa buku.

Ine ndati mkaziyo mavuto akuwafuna yekha. Denga lilipo, chakudya chilipo, mwamuna sakumwa, akuthamangira iwo omwewo. Akufunanso chiyani?

Watseka buku. Akuti, “Mwina mukunena zoona.”

Sanadye.

Lachinayi, 12 Juni

Dzulo palibe nkhani. Ndinabwera ndi nthochi, zili pomwepo.

Lero ndachita kumupempha. Wanena pang'ono. Mlendo amamvera njinga iliyonse yodutsa, amadziwa kulira kwa ya mwamuna wake. Ikachedwa amayamba kuona maliro. Ndipo masiku ena amamuyang'ana mwana osamva kalikonse mumtima. Ndiye amalira chifukwa chosamvacho. Sangauze munthu, angamunene kuti ndi mfiti.

Ndafunsa ngati zimatha bwino. Akuti sanafike.

Sindikuikonda nkhaniyi tsopano. Mwanayo akundidetsa nkhawa. Mwana wa m'buku chabe.

Tcheni ndathira oilo wakuda. Chikulirabe.

Lachisanu, 13 Juni

A Madamu kumbuyo, njira ya fumbi yopita ku Nathenje. Mphepo. Ndati ndibere mayeso. Ndawafunsa mokweza kuti andiuze mathero, ngati mwana uja amakula bwinobwino.

Akuti, “Mwana uti?”

Ndati wa Chipsera ndi Mlendo.

Andigwira paphewa kuti ndiime. Ndaima pafupi ndi chigafa cha fodya, ndazimitsa. Akuti buku lija analiwerenga kawiri. Mulibe mwana. Mulibe kuima kuseri kwa nyumba. Awiriwo amangokangana ndi kupsompsonana, ukwati umachitika patsamba lomaliza.

Ndati ndiye kuti Eve chizungu chamuvuta. Andiyang'ana ngati mwana wa m'kalasi mwawo. Andifunsa nthawi imene ndimachoka pakhomo. Nthawi imene ndimabwera. Kumene kuli apongozi.

Poyankha ndi pomwe ndazindikira kuti Mlendo wokhala ndi mwana uja ndi Eve.

Akuti zimawagwira amayi ambiri akachira, iwonso zinawagwira pa mwana wachiwiri. Ndi matenda, si ufiti, si ulesi, ndipo kuchipatala amawadziwa. Akuti, “Bambo a Pempho, musakamufunse ngati wapolisi. Khomo limene wakutsegulirani ndi limenelo, kaloweni pomwepo.”

Pobwerera anthu awiri anandiimika. Ndawadutsa.

Denga lilipo, chakudya chilipo. Ndinanena ndi pakamwa pangapa.

Loweruka, 14 Juni

Tsiku la msika, tsiku la ndalama. Ndabwerera 12 koloko. Lovemore waimba katatu, sindinayankhe.

Ndinazimitsa njinga patali kuti ndisadzutse mwana. Ndalakwitsa. Eve sanandimve. Ndamupeza kuseri kwa nyumba, manja m'makutu, Pempho akulira mkati. Ndabwerera mwakachetechete, ndalowera kukhomo la kumaso, ndamunyamula mwana. Polowa iye wandipeza ndikuyendayenda naye. Ndati tayala lachepa mpweya, ndiye ndaweruka.

Matewera asanu ndi anayi. Ndachapa ndekha. Amayi a nyumba yoyandikana aseka, kenako abwera kudzandionetsa kukamula kwake. Akuti ankaganiza kuti Eve safuna anthu. Dzina lawo sindinkalidziwa, chaka chathunthu.

Kubereka mwana kumbuyo kwandikanika, amatsetsereka. Ndamugoneka pachifuwa. Wopepuka ngati paketi ya shuga, koma dzanja linachita dzanzi. Sindinasunthe. Eve wagona maola atatu, kukamwa yasa.

Lamulungu, 15 Juni

Titabwera kutchalitchi ndamupatsa buku ndekha. Ndati tipitirize.

Asanayambe ndati za Mlendo ndinaweruza molakwa. Wolakwa ndi Chipsera. Njinga ili ndi injini, si ngolo, ikhoza kubwerera kunyumba masana nkupitanso. Munthu wotamidwa kuti amaona, bwanji sakuona m'nyumba mwake? Ndati ndikanakhala ine ndikanaitanitsa apongozi, thiransipoti ipezeka. Ndipo zimene akumva mkaziyo ndamva kuti ndi matenda, anesi amawadziwa.

Watsegula buku. Tsamba silinatembenuzidwe.

Akuti, “Mwina Mlendo akuopa kuti akamuseka. Kapena kumulanda mwana.”

Ndati palibe angamulande. Chipsera akalowa naye limodzi m'chipindamo, akhala pambali pake, helimeti pamwendo.

Akuti Chipsera savala helimeti. Waseka, misozi ili mbwee. Ndamupukuta ndi thewera, loyera.

Lachitatu, 18 Juni

Kuchipatala dzulo, tonse atatu. Ndinalowa. Pabenchi mwamuna ndinali ndekha. Anesi analankhula naye nthawi yaitali, mbali ina ndinatuluka ndi mwana. Tibwererenso sabata ya mawa. Akuti sizitha tsiku limodzi. Ndafunsa kuti masiku angati. Akuti si tcheni cha njinga.

Madzulo analiranso. Koma analira ndilipo.

Apongozi adzafika Loweruka. Tcheni chatsopano chidikire.

Lachisanu, 20 Juni

M'mawa ndikupukuta mpando wandipatsa buku kuti ndikabweze. Walimaliza. Ndafunsa kuti latha bwanji.

Akuti, “Anayamba kumabwera masana.”

Ponena amandiyang'ana ine, osati buku. Sindinafunse zina. Iyenso sanafunse zimene a Madamu anandiuza.

Ndalikulunga mujumbo chifukwa cha fumbi. Ndikawafunse ngati ali ndi lina. La njinga, la ndege, zilibe kanthu.

Ndikulemba pasiteji. 11 yadutsa. Pali bambo akufuna ku Malingunde, ulendo wabwino, sakunenerera mtengo. Ndamupatsa Lovemore. Akuti ndalodzedwa.

Ndikafika ndisazimitse patali. Aimve.