Kanthu Kaja ka Achoko

Lolemba, 9 Juni
Achoko akupuma ntchito Lachisanu. Ndiwo anandiphunzitsa masamu a zinthu zopindika, ndipo jekete lawo sindinalionepo lopanda choko. Kalekale anapeza njira yawoyawo yoyezera kupindika kwa chinthu chonga chishalo cha njinga, koma mpaka lero ilibe dzina. Amati fumbi ndiwe mwini, koma kwa ife a masamu ayi: sudzitcha wekha, umadikira anzako akutche. Iwo adikira mpaka imvi mbuu. Amangoti "kanthu kaja."

Lachiwiri, 10 Juni
Ndikukonzekera zokalankhula pamsonkhano wa aphunzitsi Lachinayi, ndipo kanthu kaja kali pakatikati. Ndikaika chilembo chanji? K ali ndi mwini, H chimodzimodzi, R ndiye osayerekeza. Mnzanga wa mu ofesi akuti, "Ingoti kupindika kwachitatu, za mayina zimadanitsa." Sakunama. Abwana a dipatimenti yathu nawonso amati anathandizapo, ngakhale ena amati ankangofufuta bolodi. Koma dzina likalowa m'buku silitulukanso. Ndikati "kwachitatu," Achoko aiwalika basi.

Lachitatu, 11 Juni
Ndawapeza akutsuka kapu m'kachipinda ka tiyi. Ndati, "Aphunzitsi, kanthu kaja tikatche chiyani?" Iwo, "Chilichonse, mwanangu. Ine za mayina ndilibe nazo ntchito." Kapuyo anaitsuka mpaka ndinaimvera chisoni.
Bodza la nkhalamba! Munthu woti wakhala akukangana ndi dziko lonse pa kachizindikiro kamodzi. Mabuku onse amayamba samu ya kupindika ndi chizindikiro chophatikiza, iwo okha chochotsera, ati enawo anasochera.
Ndili ndi mantha. Abwana akhala mpando wakutsogolo.

Lachinayi, 12 Juni
Ndachita. Ndalemba pabolodi "kupindika kwa," kenako dzina lawo lenileni, lonse, zilembo zikuluzikulu. Abwana akhosomola, ayang'ana kudenga, kenako nawonso alikopera papepala.
Achoko anali kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Avula magalasi, awapukuta ndi tayi, awavala, awavulanso. Kenako dzanja m'mwamba ngati mwana wa sukulu.
"Mwanangu, wati ndi kanga?"
"Ndi kanu, aphunzitsi."
Adzuka, abwera pang'onopang'ono, andilanda choko. Chophatikiza chimene ndayambira samu yake achifufuta ndi mkono wa jekete, nkuikapo chochotsera chawo.
"Ngati ndi kanga," atero, "kalembedwe bwino."