Mainchesi Asanu

9 Januwale 2017
Pikapu yagundanso pansi pachithaphwi cha kusikimu ya mpunga. Kachitatu sabata imodzi. Matumba a feteleza asanu ndi limodzi okha, koma kumbuyo kwati khwefu. Masipulingi anatha kalekale. Obed, mlamu wanga, kuseka: "Alamu, iyi ndi galimoto kapena khasu?" Anthu m'minda ya mpunga nawonso kuseka. Ndinasekera nawo, mumtima mukuwawa.

12 Januwale
Ku Manjawira kwa Julius, makaniko. Njira ziwiri. Kuwonjezera chitsulo chimodzi pamasipulingi, ikwere mainchesi awiri. Kapena masipulingi a lole yaing'ono, ikwere asanu. Iye akuti awiri akwana. "Mumanyamula matumba okha, achimwene? Anthu simunyamula?" Ndati asanu. Chifukwa chenicheni sindinamuuze. Ndikufuna Obed azikweza khosi akamandilonjera.

16 Januwale
Yatuluka. Kutalika ngati nkhokwe. Pachithaphwi ndadutsa osamva kanthu. Pamsika ndazungulira kawiri, chogula palibe. Christobel, mkazi wanga, mayi a Tisunge, wakwera movutikira, dzanja lina likugwira chitenje. Akuti, "Mugulenso makwerero." Ndamuyankha mwamwano.

20 Januwale
Lolemba apongozi, mayi ake a Christobel, akukaonetsa maso kuchipatala ku Boma. Ndiwatenga ndine, monga mwa masiku onse. Kutsogolo sakhala. Sangagawane mpando ndi mkamwini, amakwera kumbuyo, pamphasa. Zaka khumi ndi chimodzi sitinapatsanepo moni wa m'manja. Timalankhulana chapatali, maso kumbali.

23 Januwale
Sindikufuna kulemba.

25 Januwale
Ndilembe basi.
Christobel anali atabwerera m'nyumba kukatenga kabuku ka kuchipatala. Apongozi sanafune kundidikiritsa. Dzanja pachitseko chakumbuyo, phazi kufuna bampala pamene linazolowera. Bampala linali litakwera. Anafikira ndi chala cha kuphazi chokha. Ine ndili pomwepo, pafupi zedi. Ndinaona kuti akugwa. Manja anga anatuluka, kenaka anabwerera okha. Apongozi, ndiwagwire m'chiuno anthu akuona?
Anagwa chagada m'matope. Dzanja lamanja linathyoka.
Anawakweza ndi amayi anayi. Za maso sizinachitikenso, angowaika chikhakha. Masabata asanu ndi limodzi, nthawi yowokera mpunga ino.
Obed sanaseke. Sanandilankhule n'komwe.

28 Januwale
Julius waitsitsa. Atsala mainchesi awiri aja. Sanafunse chilichonse, mbiri inandidutsa kale panjira. Ndinakhala pamwala kuseri kwa galaja mpaka atamaliza. Manyazi ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

2 Febuluwale
Masiku atatu ndikuwokera mpunga m'munda mwa apongozi. Msana wauma, bola. Pakhomo pawo sindinapondepo. Ndingayambire pati?
Lero Christobel wabwera ndi uthenga wawo. Ndimayembekezera mawu owawa, ndinali nditawakonzekera, mwina ndimawafuna. Akuti anena chonchi: "Ukawauze bambo a Tisunge asadandaule. Ndinawaona akubweza manja. Anachita bwino. Mkamwini waulemu ngati ameneyu m'mudzi muno mulibe."
Christobel wanena zonsezi osandiyang'ana. Kenaka watenga sopo n'kubwerera kukawasambitsa, poti okha sangathe.