Waya wa Atate pa Pampu

Lachitatu

Yonasi, 09h12: a tio, mercia akuti mwadula waya umene atate anamanga pa pampu ya lole. nzoona?

Germano, 09h40: eya. makaniko cassimo watsegula pampu pang'ono. pano ikukwera phiri la maniamba ngati mbuzi

Yonasi, 09h41: atate sanamange wayayo chifukwa chosowa chochita

Germano, 09h55: akulu anga ankayendetsa ngati anyamula mazira. usipa sudikira munthu

Yonasi, 09h58: mvetserani tio. pampu yaikulu mukaitsegula imafuna dizilo wambiri. koma kapampu kokoka ku thanki nkakale, paipi ndi yopyapyala, fyuluta sinasinthidwe chimwalilireni atate. pa mtunda presha igwa, pampu izungulira youma. dizilo yemweyo ndiye amaifewetsa mkati

Germano, 10h20: kkkk injiniya wa chaka chimodzi

Mércia, 10h22: tio musatero. sukulu anaisiya chifukwa cha maliro, mukudziwa

Yonasi, 10h31: ndapeza kapampu ka magetsi ndi paipi yaikulu kuno ku lichinga, ku garaja komwe ndimatsuka zitsulo. ndibwera nazo sabado, loweruka likubwerali. chonde isanyamule katundu mpaka ndifike

Yonasi, 13h05: tio?

Lachinayi

Mércia, 16h47: mano, mlongo wanga, kale amayi akamva lole ikutsika ankadzuka kukateleka madzi osamba, kuiwala kuti atate kulibe. lero yadutsa pakhomo sanatembenuke nkomwe. akuti si yathu, yathu siilira chonchi

Yonasi, 16h50: utsi?

Mércia, 16h51: wakuda bii. zovala pa chingwe ndachapanso

Yonasi, 16h58: ndinkakhala pampando wapakati, giya ikundigunda bondo. atate ankati injini ukaipatsa mtima waukulu uipatsenso khosi lalikulu. ine ndinkangoseka

Mércia, 17h03: a tio akupakira matumba a usipa mano. mpaka pamwamba pa kabini

Yonasi, 17h04: *(waimbira Germano, sanayankhe)*

Yonasi, 17h06: *(waimbiranso, sanayankhe)*

Yonasi, 17h09: a tio, lole munaitenga, abale anagamula, ine sindinatsutse. ndikungopempha masiku awiri

Lachisanu

Germano, 08h33: *(uthenga wa mawu, 0:41)*

Mércia, 08h40: akuti chani? net ikuvuta kuno

Yonasi, 08h44: yazima pa mtunda asanafike maniamba, akutero. inayamba kutsamwa, iwo nkupondabe

Germano, 08h52: cassimo wapopa ndi dzanja, siikulira. akuti mu fyuluta muli tizitsulo tonyezimira. ndiye kuti chani

Germano, 09h10: yonasi

Germano, 09h26: mwananga yankha, ndiwe wadziwa zimenezi. usipa uli padzuwa

Yonasi, 09h48: ndiye kuti pampu yadzidya yokha. tizitsuloto tafika mpaka ku ma injekita. palibe chopopa apo

Germano, 09h50: nanga kapampu kako kaja? bwera nako lero

Yonasi, 09h53: kanali koteteza pampu yamoyo tio

Germano, 10h15: pali munthu wa ku cobue akufuna injini ya boti. akuti angatenge mmene ilili

Mércia, 10h16: tio!!

Mércia, 10h30: mano lankhula kanthu

Yonasi, 11h02: ndakwera chapa, ndikubwera. chipewa cha atate chili kuseri kwa mpando, musachikhudze ndi manja a oyilo. ndingotenga chimenecho. zotsalazo ndi zanu