Kazitape wa m'Chipinda Chachinayi

17 Juni

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndinailandira, pamodzi ndi sopo ndi nsapato zija. Zandikwana, ngakhale yakumanzere ikundiluma pang'ono kuchidendene. Zikomo kwambiri. Mwafunsa chifukwa chake ndakhala chete miyezi yonseyi, komanso chimene chinandibindikiritsa m'nyumba holide yonse mpaka amayi kuganiza kuti ndikudwala. Sindikudwala ayi. Ndikuuzani zonse, koma muwerenge muli nokha, alamu asaone.

Mukukumbukira mabuku a akazitape aja ndinkawakonda, a ana asukulu amene amatumidwa kukafufuza zinsinsi za adani? Kulaibulale kuno alipo asanu ndi awiri, ndipo onse ndinawamaliza. Mwana wa m'mabukumo amagwidwa, amamenyedwa, amatsekeredwa, koma pomaliza amatuluka ali wolimba mtima, akuluakulu n'kumugwira chanza. Ine ndinkasirira moyo umenewo.

Chaka chatha aphunzitsi oyang'anira mwambo, amene tinkangowatcha a Mwambo, anandipeza ndikuwerenga buku lotere pa nthawi ya masewera. Ndinaganiza kuti chilango chandipeza. Iwo anatenga bukulo, analitembenuza, n'kuseka.

"Iwe zimenezi ungazithe," anatero. "Uli ndi maso akuthwa ndipo sulongolola. Pasukulu pano pali ana ofuna kuononga anzawo. Undithandize kuteteza ana abwino."

Achemwali, chibadwire palibe wamkulu amene anandiuzapo kuti ndingathe kanthu. Anandipatsa kakope kofiira. Lachisanu lililonse ndinkapita ku ofesi kwawo ngati wokasiya makope a kalasi, kofiira kaja kali pakati. Ndinkalembamo amene ali ndi foni, amene amadumpha mpanda, amene amanyoza aphunzitsi. Iwo ankawerenga, n'kulemba m'mphepete ndi cholembera chobiriwira amene ndimulondelonde, kenako n'kundibwezera. Ndisakunamizeni, ndinkamva kukoma. Anzanga akamalangidwa n'kumadabwa kuti wawaulula ndani, ine ndinkadabwa nawo, mumtima ndikudzitama.

M'chipinda chathu chogona, chachinayi, bedi la pamwamba pa langa linali la Wailesi, mnzanga uja anandisamalira nditadwala chaka choyamba. Dzinalo tinamupatsa chifukwa akatsegula pakamwa amatseka belu likalira. Loweruka lina mu Febuluwale tikuchapa, anandinong'oneza kuti iye ndi atsikana ena anayi akulemba kalata yopita ku komiti ya makolo. Nditafunsa kuti ya chiyani, anangoti, "Udzamva ikafika, ndipo pano padzagwedezeka." Ine ndinaganiza kuti akukonza chisokonezo, zoswa mawindo zija. Lachisanu ndinalemba mayina onse asanu.

Lolemba amatironi anawasecha m'masutikesi, a Mwambo ataima pakhomo. Mwa Wailesi anapezamo foni ndi kabotolo ka mowa. Foni inali yake, sindikana. Koma mowa, achemwali, mtsikana ameneyo ngakhale fungo lake lokha amachita nalo nseru. Anamuchotsa sukulu tsiku lomwelo. Anayi aja anawaitanira ku ofesi mmodzimmodzi, ndipo aliyense anatuluka atazolika.

Akulongedza katundu, Wailesi anandikumbatira akulira. "Wandigulitsayo Mulungu amuona," anatero. "Iwe ulimbikire, mnzanga, ukhozerenso ine." Ndinamunyamulira sutikesi mpaka pageti.

Patapita masiku angapo, wamng'ono mwa anayi aja anandiuza zonse tili pampopi. Kalata ija inali yodandaula za a Mwambo eni akewo. Ankaitanira atsikana ku ofesi, kukhoma chitseko, kuwagwiragwira, n'kuwaopseza kuti akaulula sukulu yawathera. "Sitikudziwa kuti anamva bwanji," anatero mwanayo. Ndowa inandipulumuka m'manja.

Lachisanu ndinapitabe, ndipo ndinawafunsa ngati zinali zoona. Sanakwiye n'komwe. Anali akumwa tiyi.

"Mayina aja analemba ndani?" anandifunsa. "Dzanja lili m'kakopemo ndi la ndani? Ukangotsegula pakamwa, anzako akukhadzula wamoyo. Pita, unditsekere chitseko bwinobwino."

Ndi zimenezo ndinabwera nazo kunyumba pa holide. Kakope kaja ndinkagona nako pansi pa pilo. Kawiri konse ndinaima nako pafupi ndi moto amayi atapita kuntchito, koma manja anakana. M'mphepete mwa mayina asanu aja munali mawu a inki yobiriwira: "Kalatayo akusunga ndani? Fufuza msanga." Kukatentha kukanakhala kudzipulumutsa ine, n'kuwapulumutsanso a Mwambowo.

Teremu ino, tsiku la msonkhano wa makolo, ndinadikira amayi apampando a komiti pakhonde n'kuwapatsa kakopeko. Ndinanena zonse, kuyambira ndi zanga. Atandimva, awiri mwa atsikana aja analimba mtima nawonso n'kuyankhula.

Mwina mukuganiza kuti apa nkhani yakoma. A Mwambo sanachotsedwe ntchito, anangowasamutsa. Tamva kuti kumene apitako kulinso atsikana. Aphunzitsi anzawo anawachitira phwando lotsanzikana, kwaya yathu n'kukaimba. Za Wailesi, ahedi anati zamowazo aziiwala, koma foni inali yake ndipo lamulo ndi lamulo. Ndinawagwadira mu ofesi, iwo n'kundiuza kuti ndidzuke, ndikudetsa yunifolomu.

Ineyo tsopano sukulu yonse ikudziwa. Pabedi langa wina anazokota ndi msomali mawu oti Kazitape, ndipo dzina langa lenileni ndimangolimva poitana mayina m'kalasi. Matiresi anga athiridwa madzi kawiri. Kodyera, ndikakhala pa benchi anthu amasuntha ngati ndili ndi mphere. Ngakhale aphunzitsi amasiya nkhani ndikamadutsa. Amatironi anandifunsa kuti wathira madziwo ndani. Ndikumudziwa, koma ndinati ntchito imeneyo ndinasiya. Matiresiwo ndinangowatulutsa panja kuti aume.

Mabuku aja sindiwagwiranso. Amene amawalemba sanadyepo okha pa benchi ya anthu khumi. M'mabukumo wamkulu amene amatuma mwanayo amakhala wolungama nthawi zonse, ndipo mnzake wa mwanayo amene wavulala amachira tsamba lotsatira.

Ahedi anandiitana n'kundiuza kuti akhoza kundilembera kalata yosamukira kwina, kuti ndipume. Ndikuona kuti ofuna kupuma ndi iwowo. Ndakana. Mayeso ndilembera pompano, anthu onse amene ndinawalakwira akundiona. Ndimadzuka, ndimasamba, ndimapita m'kalasi, ndipo masamu amene anatsika aja ayambanso kukwera. Ndawapepesa mmodzimmodzi onse a m'kakope kaja. Ena anandilavulira, ena anangondiyang'ana.

Wailesi ndamulembera kawiri. Kalata yachiwiri inabwerera, kuseri kwa envulopu atalemba kuti, "Ndamva. Usandilemberenso." Ndamvera.

Amayi musawauze, ndidzawauza ndekha ndikamaliza mayeso. Mundipatsire moni alamu, ndipo kamwanako mukapsompsone m'malo mwanga, ndamva kuti kayamba kuyenda.

Pempho langa ndi limodzi. Akuti Wailesi ali m'tauni yanu yomweyo, akuthandiza mayi ake kugulitsa zovala pafupi ndi depoti ya basi. Ndi wamtali, ali ndi mpata kumano. Mukadzadutsako mudzaime, mudzagule kanthu kalikonse osanenerera. Moni wanga musadzamupatse, ndipo musadzanene kuti ndinu achemwali anga. Mudzangondilembera ngati akuyankhulabe ngati kale.

Ndine mng'ono wanu,
amene munamusiya ali mwana wabwino.